Njere Yachitatu ya Finye

Kalekale, abale anga, nyama zikulankhulabe ngati ife, kunali mapiri awiri oyang'anizana. Pakati pake panali phompho lalikulu, lakuya moti ukaponyamo mwala sunkaumva kugwa. Nyama zina zinkakhala phiri la kuno, zina phiri la tsidya. Zinali pachibale. Zinkakwatirana, zinkalirana maliro. Koma njira yozungulira phompholo inali yaitali, yotha ziboda. Mbalame nazo zinkaopa kudutsa pamwamba pake, poti mphepo ya m'menemo inkathyola mapiko.

Nanga uthenga unkaoloka bwanji? Tamverani.

Masiku amenewo ukapinda tsamba n'kulankhuliramo, mawu ako ankauma n'kusanduka njere ziwiri zofanana ngati mapasa. Zinali zotsekeka, ndipo poziona kunja sukanadziwa zimene zili m'kati. Njerezo unkapita nazo pa mtengo wa msuku umene unali m'mphepete mwa phompho. Pamenepo pankakhala Nang'omba, mbalame yakuda ija ya khosi lofiira. Nang'omba ankameza njere imodzi n'kuifuula ndi mawu ake angati ng'oma: "Hu! Hu! Huhuhu!" Kutsidya kunali mng'ono wake, Nang'omba winanso, amene ankamva n'kukamasulira eni uthenga.

Koma Nang'omba akafuula, m'khosi mwake simunkatsala kanthu. Ndipo mphepo ikakwiya inkang'amba mawu ali m'njira. N'chifukwa chake njere yachiwiri inkasungidwa. Woisunga anali Nyani, poti iye ali ndi matumba m'masaya. Lamulo lake linali lalifupi. Kutsidya akayankha kuti, "Afika," Nyani aponye njereyo m'phompho, kuti m'masaya mupezeke malo a uthenga wina. Akayankha kuti, "Sanafike, bwerezani," Nyani aitulutse, Nang'omba ameze, afuulenso. Ngati sanayankhe, njere ikhale m'tsaya, ngakhale tsaya litawawa.

Nyani anagwira ntchitoyi bwino, mpaka chaka china masuku anabereka mochititsa mantha. Nthambi zinawerama. Fungo lake linkamupeza Nyani ali pantchito, masaya odzaza ndi mawu a anthu ena.

Tsiku lina kunabwera Nungu. "A Nyani, a Nang'omba, nawu moni wa amalume anga kutsidya."

Nang'omba anameza, nafuula. Nyani anaika inzake m'tsaya. Kenaka suku lakupsa linagwa pafupi ndi phazi lake, phwa! Nyani analiyang'ana, nalonso ngati likumuyang'ana. Anati mumtima, "Kunja kuli bata. Moni angasokere kuti?" Anatembenuka, nalavulira njere ija mu udzu, naponya suku m'kamwa.

Patapita kanthawi yankho linamveka: "Afika!"

"Mwaona?" anatero Nyani mumtima. "Ndakhala ndikuvutitsa masaya anga pachabe."

Ine sindimuseka Nyani, abale anga. Choipa chikayamba ndi mwayi, munthu umachitcha nzeru. Kuyambira tsiku limenelo Nang'omba akangofuula, Nyani ankalavula mwakabisira.

Kenaka kunabwera Njiri ndi uthenga wopita kwa apongozi ake kutsidya. Anapereka njere zake napita kwawo. Nang'omba anafuula, Nyani nalavula. Koma tsikulo kamvuluvulu anadzuka m'phompho.

"Sanafike, bwerezani!" anayankha a kutsidya.

"A Nyani, tulutsani," anatero Nang'omba.

"Dikirani, achimwene, yakanirira ku chibwano."

Nyani anazemba kuseri kwa mtengo. Anafufuza mu udzu, osaipeza. Anakhala pansi naganiza: "Kodi Njiri uja amati chiyani? Ndinamuona misozi ikuyenderera m'masaya. Basi, ndi maliro." Anaiwala kuti maso a Njiri amakha misozi ngakhale akuseka. Anapinda tsamba, nalankhuliramo za maliro a mwana wa Njiri, napatsa Nang'omba njere yabodza.

Apongozi a Njiri anazungulira phompho lonse, akulira njira yonse, mitu yothira dothi. Pofika anapeza ng'oma zikulira, nyama zikuvina. Unali ukwati wa mwana wa Njiri! Mkwatibwi anakomoka poona azigogo ake akumulira ali moyo. Njiri anathamangira pa msuku, mchira uli njo!

"Ndani waika maliro pa ukwati wa mwana wanga?"

"Ndi mphepo, a Njiri," anatero Nyani, masaya ali tutu ndi masuku. "Mphepo ya chaka chino ndi yamwano."

Onse anatukwana mphepo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano mverani za Mbawala. Mbawala ankakhala kutsidya ndi mwamuna wake ndi mwana wawo mmodzi yekha, Kamawanga. Kamawanga anadya tsamba loipa, mimba n'kutupa ngati ng'oma. Sing'anga wodziwa matenda amenewo anali Finye, kachule kofufuma kaja, ndipo ankakhala phiri la kuno. Mbawala anasiya mwana m'manja mwa bambo ake, nathamanga kuzungulira phompho mpaka ziboda zinang'ambika. Anamupeza Finye atayamba kale kudzikwirira m'dothi, monga amachitira dzuwa likatentha.

"Gogo, chonde, musalowe! Mwana wanga akufa."

"Mayi iwe, wandipeza mutu wokha uli kunja," anatero Finye. "Bweretsa masamba atatu."

Mankhwala a sing'anga salankhulidwa mokweza. Finye ananong'onezera m'tsamba loyamba, m'lachiwiri ndi m'lachitatu, Mbawala osamva kanthu.

"Njere zoyambazi zikunena muzu woti akumbe. Zachiwirizi zikunena kakonzedwe kake. Zachitatuzi zikunena kaperekedwe kake kwa mwana. Zitumize motsatana, ndipo zifike zonse. Ukayenda nazo wekha ukapeza mwana atapita. Ine ndalowa, tidzaonana mvula ikagwa."

Atatero anamira m'dothi, osasiya ndi chizindikiro chomwe.

Mbawala anafika pa msuku ali wefuwefu, nafotokoza zonse. Nyama zina zinasonkhana pomva za mwanayo. Nungu analipo, Njiri analiponso. Tsikulo Nang'omba anali atafuula uthenga wambiri kuyambira m'mawa, ndipo mawu ake anali atayamba kusasa.

Anameza yoyamba. "Hu! Hu! Huhuhu!"

"Afika! Muzu tikukumba!"

Anameza yachiwiri. "Hu! Hu! Huhuhu!"

"Afika! Tikusinja, tiviika!"

Anameza yachitatu. Akungoyamba kufuula, mphepo inabuka m'phompho ndi fumbi ndi zinyalala. Onse anatsinzina. Itadutsa, kunangoti zii. Kenaka yankho linabwera:

"Sanafike, bwerezani! Mankhwala takonza. Kodi mwana amwe, kapena titani? Fulumirani, maso ayamba kutembenuka!"

"A Nyani, tulutsani yachitatu," anatero Nang'omba.

M'masaya mwa Nyani munali masuku okhaokha. Dzanja likazolowera silifunsa mtima. Anali atalavula zonse zitatu, pamene anzake ankayang'ana kutsidya.

"Dikirani, yakanirira ku chibwano."

Anazemba kuseri kwa mtengo. Anapalasa udzu, osapeza kanthu. Thukuta linatsika. Anati mumtima, "Mankhwala oviika m'madzi, nanga si akumwa? Wina angatani nawo?" Anapinda tsamba, nanong'onezeramo kuti, "Mwana amwe." Anabwerera njere yabodza ili m'dzanja.

Asanaipereke, Mbawala anagwada pamaso pake, maondo onse pansi.

"Achimwene, zikomo. Ife timangodutsa pano osakuthokozani. Mumakhala padzuwa, masaya akuwawa, kusunga mawu a anthu ena. Lero mwasunga moyo wa Kamawanga wanga. Akadzakula ndidzabwera naye kuti adzakuoneni."

Abale anga, chikwapu munthu amapirira. Kutukwanidwa munthu amapirira. Koma kuthokozedwa pa chinthu chimene sunachite kumalasa pena pake. Nang'omba anali atayasamula kale kukamwa. Nyani anayang'ana ziboda zong'ambika za Mbawala. Anafumbata dzanja lake.

"Mayi, dzukani. Musandigwadire. Njere ya Finye ndilibe. Ndinalavula."

"Mwati bwanji?"

"Ndinalavula, kuti ndidye masuku. Iyi ili m'dzanjayi ndapanga ndekha, ndi yabodza. Ndakhala ndikulavula chiyambire masuku kupsa."

Nungu anaimitsa minga yake yonse. Njiri anayamba kupalasa pansi. Koma Mbawala anati, "Milandu pambuyo. Munalavulira pati?"

"Apa, mu udzumu. Koma mulibe."

Onse anagwada kufunafuna. Njiri anafukula ndi mphuno, Nungu anapalasa ndi zikhadabo. Munalibe ngakhale njere imodzi.

Pamenepo kunamveka kutsokomola ku mizu ya msuku. Pa una panatulukira ndevu, kenaka mphuno, kenaka Bwampini, khoswe wamkulu uja wa masaya ngati matumba. Nyama zonse zinkamudziwa kuti ndi wakuba. Chilichonse chimene chagwa pansi, kaya ndi chako kaya ndi cha agogo ako, iye ankachikokera ku una.

"Ine ndikanakhala chete," anatero Bwampini. "Koma ngati a Nyani, akuluakulu, anena zawo pagulu, nanenso ndinene. Njere zanuzo ndimatola ndine."

"Umazitani?" anafunsa Nungu.

"Sindizitani. Sizidyeka. Ndimangofuna zikhale zanga."

"Wakuba iwe!"

"Mutukwaneni mawa," anatero Mbawala. "Bambo Bwampini, chonde, katulutseni."

Bwampini analowa, natuluka masaya ali tutu, nakhuthula. Analowanso, nakhuthulanso. Analowanso, nakhuthulanso. Panakhala mulu. Munali njere za mawu, njere za masuku, zigoba za nkhono, ndi munga umodzi umene Nungu anauzindikira kuti ndi wake. Njere za mawuzo zinali zofanana zokhazokha, zakale ndi zatsopano pamodzi.

"Ya lero ndi iti?" anafunsa Mbawala.

"Pepani mayi, ine ndimangosunga. Kusankha sindidziwa. Kutaya ndiye sindinayambe ndatayapo."

Nang'omba anati, "Tiyese imene ili pamwamba." Anameza, nafuula.

Yankho linabwera: "Afika, koma ndi moni wa Nungu wakalekale uja! Amalume ake akuti akadali bwino. Mwana ndiye akuzizira miyendo. Bwerezani!"

Anatola ina. Nang'omba anameza, nafuula, mawu akutuluka mokhadzula kukhosi.

"Afika, koma ndi kutiitanira ku ukwati wa mwana wa Njiri! Kodi kumeneko mwapenga? Ife kuno tayamba kuganiza zongomumwetsa mankhwalawa!"

Njiri anatembenuka pang'onopang'ono. "Ohoo. Ndiye mphepo yamwano ija ili ndi mchira ndi matako ofiira?"

Palibe anaseka. Nang'omba anatsokomola, nalankhula monong'ona. "Abale, khosi langa latha. Kwatsala kufuula kumodzi kokha. Mukandipatsa yolakwika, ndiye basi."

Mbawala anayang'ana mulu uja. Anayang'ana kutsidya. Kenaka anakhala pansi m'fumbi.

Nyani anali chapatali, mutu uli pansi, lilime likuseweretsa dzino lake lakutsogolo. Ankadziwa kanthu kena, koma manyazi anali atamumanga pakamwa. Ife olakwa timatero, abale anga. Timaulula theka, theka lina n'kubisa m'tsaya, poganiza kuti laululidwalo lakwana kutigulira chifundo. Koma anaona Mbawala atakhala m'fumbi, osalira n'komwe, ndipo anadzuka.

"Sindinanene zonse. Njere yachitatuyo sindinadikire ngakhale kuti Nang'omba ayambe kufuula. Ndinaponya suku m'kamwa iyo ili momwemo. Ndinailuma, ndimayesa njere ya suku. Ndinaluma mawu a sing'anga, ine. Onani dzino langali, labenthuka. Funani njere ya chipsera cha dzino."

Nungu anagwira pakamwa. Kuluma mawu a sing'anga chinali chinthu chosatchulika. Koma Bwampini analumpha.

"Yokanda lilime ija! Ndikuidziwa! Siili pamuluwu. Ndinaikonda, ndiye ndinaisiya m'tsaya."

"Lavula!" onse anakuwa pamodzi.

Bwampini analavula, ngakhale nkhope yake inkaoneka ngati akumuzula dzino. Njere inagwa pa tsamba. Chipsera chinali pachigoba pokha, m'kati munali mwabwino.

Nang'omba anaitola. Koma sanafuule msanga. Anaima m'mphepete, nthenga zikuwuluzika, kudikira mphepo. Njiri anati, "Fuulani, nanga mukudikira chiyani?" Mphepo inawomba, inawomba, kenaka inapuma. Pomwepo anameza, natukula khosi lake lofiira.

"Hu! Hu! Huhuhu!"

Mawu omalizawo anatuluka ngati nsungwi yosweka. Kenaka zii. Suku linagwa pansi, palibe analiyang'ana.

"Afika! Afika! Finye akuti mwana asamwe ngakhale dontho, muzuwo ndi wakupha! Akuti timupake pamimba ndi kumsana. Chikho chinali kale pamlomo pa mwana, bambo ake achitaya!"

Nyani anafunyulula dzanja lake. Njere yabodza ija inali ikadali momwemo, yonyowa ndi thukuta. Anaiyang'ana. Anapita m'mphepete naiponya m'phompho, nakhala pansi n'kulira ngati mwana.

Nyama sizinabalalike. Zinakhala pomwepo kudikira, dzuwa likupendeka. Kenaka Nang'omba wa kutsidya anafuulanso:

"Mimba yaphwa! Kamawanga waimirira! Akufunsa kuti amayi abwera liti, ndipo akuti ali ndi njala!"

Mbawala analumpha ndi ziboda zake zong'ambikazo. Analulutira mpaka phompho linayankha. Nungu anavina, anzake n'kumutalikira kuopa minga. Ngakhale Njiri anakhetsa misozi, ndipo tsiku limenelo inali yeniyeni.

Chimwemwe chitatsika, Njiri anati, "Tsopano mlandu. Nyani achoke paphiri pano. Wakubayunso achoke."

Nyani sanakane. "Ndi zoona, a Njiri. Ndinaika maliro pa ukwati wa mwana wanu, n'kunamizira mphepo. Ndikhululukireni kapena musandikhululukire, koma ndinali ine."

Mbawala anapita kwa Nang'omba nawerama. "Zikomo, achimwene, mwapereka khosi lanu." Anapita kwa Bwampini nawerama. "Zikomo, bambo. Mukanakhala phee mu una mwanu, palibe akanadziwa." Kenaka anapita kwa Nyani, nagwadanso monga poyamba.

"Mayi, musatero," anatero Nyani. "Ine ndinatsala pang'ono kukupherani mwana."

"Ndikudziwa. Poyamba paja ndinakuthokozani pa zimene simunachite. Tsopano ndikukuthokozani pa zimene mwachita. Bodza linali m'dzanja mwanu, Nang'omba atayasamula kale. Mukanapereka, ife tonse tikanati Finye ndiye wapha mwana, inu n'kumadyabe masuku mwaulemu. Munasankha manyazi. Mwana wanga ali moyo chifukwa cha manyazi anuwo."

Anatembenukira kwa Njiri. "A Njiri, mlandu wanu ndi wanu, sindingakulandeni. Koma ine lero sindingathe kuona wina akupirikitsidwa. Mtima wanga wadzaza."

Njiri anang'ung'udza, nakanda pansi. "Chabwino. Koma akapepese yekha kwa apongozi anga. Wapansi. Azungulire phompho lonse monga anazungulira iwo."

"Ndipita," anatero Nyani. "Ndiperekeza mayiwa, ndikaonenso mwanayo."

Asananyamuke, nyama zinakonza ntchito ija mwatsopano. Zinaona kuti Nyani amataya msanga, ndipo Bwampini sataya konse, ndipo onse awiri akanapha mwana, wina ndi kulavula, wina ndi mulu wake. Ndiye zinawaphatikiza. Bwampini azisunga njere m'masaya motsatana, yoyamba kubwera ikhale kutsogolo. Nyani azikhala m'mphepete kutchera khutu. Akamva "Sanafike," aziti, "Tulutsa!" Akamva "Afika," aziti, "Taya!" ndipo aziyang'anitsitsa mpaka njereyo italowadi m'phompho. Ndipo uthenga wa wodwala ukabwera, moni ndi miseche zizidikira.

Mulu wakale uja anaukankhira m'phompho tsiku lomwelo. Bwampini analira njere iliyonse ngati m'bale wake. Nungu anatenga munga wake.

Nyani anayenda ulendo uja ndi Mbawala. Anapepesa kwa apongozi a Njiri, iwo namukalipira mpaka kukhosi kwawo kunauma, kenaka anamupatsa madzi akumwa. Ndipo Kamawanga, atauzidwa ndi amayi ake kuti, "Awa ndi amalume ako," anabwera nagoneka mutu wake pa bondo la Nyani. Nyani anangoika dzanja pa mawanga a mwanayo, dzanja lomwe lija.

Phunziro lake nali, abale anga, ndipo ndi losabisika. Chimene wasungitsidwa usachitaye mwini wake asananene kuti chafika. Chikafika, chitaye, kuti cha mnzako chipeze malo. Ndipo ukachitaya nthawi isanakwane, nena msanga, nena zonse, usaike bodza m'malo mwake. Manyazi amapola, koma mwana wa mnzako akapita sabwerera. Wokhululukidwa aziyenda mothokoza masiku ake onse.

Nthano yanga yafika pa mphepete, ndipo ine ndaima pomwepa.